Nsapato Zikadali M'bokosi

Okondedwa amalume a Radivoje,

Ndikhulupirira muli bwino ku Toronto. Kuno ku Niš kwayamba kuzizira, amayi ali kalikiliki kuwotcha tsabola wosunga.

Mwendo wanga umandipweteka ndikamathamanga uja anaupima kuchipatala. Sikani yoyamba yojambula mkati mwa mwendo sinaonetse kanthu, kochi wathu n'kumati, "Ndi ulesi basi, Vesna." Lachiwiri adokotala anandithamangitsa pamakina mpaka katumba anauma gwa, n'kundijambulanso pomwepo ndili wefuwefu. Anandionetsa mnofu ukutupa, koma kachikopa koukuta sikakutambasuka. "Tikhoza kung'amba," anatero. Nditafunsa za mpikisano wa mu Epulo, anangoyamba kundipukuta mafuta amene anandipaka pamwendo pojambula.

Nsapato zothamangira munatumiza zija zafika, zikomo kwambiri. Sindinaziyese. Milica, mnzanga wa m'timu, phazi lake ndi lofanana ndi langa.

Amayi sindinawauze.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Vesna