Makiyi a Kambuzi

Lachisanu, 9 Ogasiti 2024

Mawa ndikukatenga galimoto ku Limbe. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuthamanga ndi mapepala a mathiraki pa boda ya Mwanza, fumbi m'maso, madalaivala akundiitana "asisi a kiliyaring'i" ngati dzina ndilibe. Mawa ndigula chinthu changachanga, chothamanga, chopanda ntchito ina koma kusangalatsa ine Thandie.

Achimwene a Zakeyu amva kwa amayi. Akuti andiperekeza kuti ogulitsa asandipusitse. Sindinawapemphe. Munthu amene anapha injini ya minibasi ya eni ake kawiri konse, ameneyo akandisankhire galimoto?

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndagula. Yofiira, zitseko zinayi, yotsika ngati ikununkhiza msewu. Ndaitcha Kambuzi.

Koma ndafika mutu ukuwawa ndi mkwiyo. A Aufi, ogulitsa magalimoto aja, kwawo ndi konkuno ku boma, anali nazo ziwiri za mtundu umodzi. Ina yabuluu ya manyuwo, ina yofiirayi ya AMT. Anandifotokozera modekha. Mkati giyabokosi yake ndi ya manyuwo ndithu, kilatchi ilimo, kungoti woponda kilatchiyo ndi kompyuta, osati phazi. Zopondera ziwiri basi. Kuseri kwa chiwongolero kuli timakutu tiwiri, ukakoka kakumanja giya yakwera, kakumanzere yatsika. Ukatopa umaisiya izisintha yokha.

A Z. sanamve n'chimodzi chomwe. Anali atakhala kale mu yabuluu, akugwedeza giya, akusuntha mpando kuti ukwane miyendo yawo. Akuti galimoto yothamanga yopanda kilatchi ndi tiyi wopanda shuga. Kenako kuwauza a Aufi, ine ndili chiimire pomwepo, kuti "mlongo wangayu akuopa kilatchi, mukuwadziwa azimayi."

Ine kuopa kilatchi? Ndinaphunzirira pa pikapu ya malemu bambo, itadzaza manachesi, pa chitunda cha kwathu kwa Kanduku, handibuleki itaduka. Iwo nthawi imeneyo amakhala kumbuyo, atakhalira madengu.

Ndinayesa zonse ziwiri. Yabuluu ndi yabwino, ndisaname. Koma yofiirayi nditakoka kakhutu kulowa giya yachitatu, inandimenya kumsana mpaka ndinaseka ndekha. Manja onse awiri pa chiwongolero, maso pa msewu, m'makona a kuchokera pa Zalewa kubwera kuno ndi zimene ndimafuna. Komanso nditaona mmene a Z. amaisisitira yabuluu ija, ndinadziwiratu kuti ndikaitenga ndizidzachita kuibwereka kwa iwo.

Popereka makiyi a Aufi anandichenjeza chinthu chimodzi, ndipo anabwereza kawiri. Imeneyi sikonda kukwawa. Pa chitunda osaigwira ndi moto ngati otomatiki wamba. Ponda buleki, ukanyamuka nyamukiratu. Ukaikwawitsa nthawi yaitali kilatchi imatentha, galimoto n'kudzichotsa yokha m'giya. A Z. anali pa foni.

Pobwerera a Z. nkhope pawindo njira yonse. Pa Zalewa anandiuza kuti ndatopa, tisinthane. Sindinatope.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Potuluka m'tchalitchi anthu unyinji pa Kambuzi. Bambo wina kufunsa a Z. kuti mwagula liti, bwana. Iwo kungomwetulira, dzanja lili padenga la galimoto, osakana.

Lolemba, 12 Ogasiti

Netiweki yagwa pa boda tsiku lonse. Aliyense kukalipira ine ngati mawaya ndimasunga kwathu.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Msonkhano womaliza wa komiti ya ukwati wa Tiffany, mng'ono wanga, kumudzi kwa amayi. Ukwati ndi Loweruka likubwerali. Ndinapita ndikudziwa kuti Kambuzi inyamula akwati, ndipo ndinali wokondwa, maliboni ndinali nditawaganizira kale. Mwana ameneyu ndinakhala naye kuno ku boma zaka zinayi zonse za sekondale. Ndinamuchapira, ndinamukalipira, ndinagona naye pansi m'chipatala atadwala malungo ali Fomu 2. Zoti ndimuyendetsa ndine pa tsiku lake sindinkaona ngati n'zofunika kukambirana.

Amalume a Sankhani, ndiwo tcheyamani, anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga pepala. Galimoto ya akwati, ya Thandie. Woyendetsa, Zakeyu. Kukhitchini, Thandie ndi azimayi a mumpingo.

Ndinafunsa kuti walemba zimenezi ndani. Amalume akuti sizinaonekepo mkazi kuyendetsa akwati, akuchimuna adzati banja lathu mulibe amuna. Ndinati amuna alimo, chimene alibe ndi galimoto. Amayi ananditsina pantchafu mpaka pano pakuwawa.

Ndakana. Ndawauza kuti galimoto ipita ndi mwini wake, apo ayi akwati akwere kabaza. Amalume anavula magalasi n'kunena kuti ndalama zikandilowa m'mutu ndidzaiwala kwathu. Ndinanyamuka tiyi asanabwere. T. panalibe, anali ku Blantyre kokayeza diresi.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Amayi abwera ku ofesi, pa njinga yamoto, chitenje chili fumbi lokhalokha. Chiyambireni ntchito sanapondepo pano. Anakhala pa benchi ya madalaivala, kachikwama pamiyendo, n'kudikira mpaka anthu atatha.

"Si amalume ako ayi," anatero. "Wapempha ndi Tiffany mwini wake. Akuti achimwene ake ndiwo ali m'malo mwa bambo. Akuopa kukuuza."

Anawonjezera kuti mchimwene wanga alibe ntchito, alibe kalikonse, ndimusiyire tsiku limodzi lokha anthu amuone. Ine ndinangoti chabwino. Atapita ndinakalowa mu Kambuzi, kukweza magalasi, kulira ngati chitsiru, kasitomala akundisaka panja ndi mapepala.

Zandipweteka, ndipo ndakwiya. M'malo mwa bambo! Tsiku limene T. anakomoka kusukulu, "bambo" ameneyu anali koonera mpira, foni atazimitsa. Ndipo mwiniwakeyo kulephera kundiuza pamaso, kuchita kutuma amayi, ngati ndimaluma.

Madzulo T. watumiza chithunzi cha velo, ati achemwali mwaiona? Ndamuyankha ndi kachala kamodzi kaja ka pa foni. Asandivute.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ndawatengera a Z. pa chitunda cha kuseri kwa msika kuti ndiwaphunzitse. Kuphunzitsa munthu wodziwa kale zonse n'kutunga madzi ndi dengu. Atangochotsa phazi pa buleki galimoto inabwerera m'mbuyo pang'ono, iwo n'kuigwira ndi moto, injini ikulira, tili pamodzimodzi. Ndinawauza kuti izi ndiye zoletsedwazo. Anati ayendetsa Mwanza mpaka Blantyre zaka zisanu ine ndikadali pasukulu, otomatiki ngakhale mwana ayendetsa. Ndinati si otomatiki. Anafunsa kuti zopondera zilipo zingati. Ziwiri. Ndiye basi.

Chikundidetsa nkhawa ndi ichi. Kuchoka kutchalitchi cha kumudzi kupita ku holo ya sukulu ndi chitunda chokhachokha, ndipo kwathu azimayi salola galimoto ya akwati kungodutsa. Amavina kutsogolo kwake, kuyala zitenje pansi, galimoto kumatsatira pa liwiro la munthu wovina. Ndinawachonderera a Z. kuti aziwasiya azimayi atsogole kaye, iwo adikire pa buleki, kenako atsatire kamodzi. Anaseka. Akuti tsopano ndiwaphunzitsanso za ukwati, ine wosakwatiwa.

Ndinawatsitsa pa msika. Ayende wapansi.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Makiyi ndapereka. Maliboni amata ndi selotepi pa penti. Selotepi!

T. waimba kawiri, sindinayankhe. Ndasenda anyezi thumba lathunthu, ndiye palibe wafunsa za maso anga.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Za dzulo. Ndilembe mutu usanazisakanize.

M'tchalitchi ndinakhala kumbuyo kwenikweni, ndinatuluka asanamalize poti mpunga umandidikira. Khitchini anaimanga kuseri kwa holo, pamwamba pa chitunda, ndiye msewu wonse ndimauona. Cha m'ma 1 koloko ndinamva mahutala ndi nthungululu. Kambuzi ili m'munsi, azimayi kutsogolo mwina makumi anayi, akuvina chobwerera m'mbuyo, kuyala zitenje, kuzitola, kukaziyalanso patsogolo. Galimoto kusuntha phazi limodzi, kuima, injini osatsika mawu. Ndili kumtunda komweko ndimamva kuti a Z. aigwira ndi moto. Ndinafinya chipande mpaka dzanja kuchita dzanzi. Mphindi makumi awiri zinatha asanafike ndi pakati pomwe.

Kenako fungo. Linafika mpaka kukhitchini, mayi wina anathamangira kukavundukula mpunga poganiza kuti wapserera. Ndinamva injini ikulira yokhayokha, n'kuona galimoto ikubwerera m'mbuyo, azimayi a kumbuyo akubalalika, wina akuponya mwala kuseri kwa tayala.

Ndinatsika chothamanga, mapatapata kumapazi, chitenje cha kukhitchini, manja ali mwaye. Ndinapeza amuna atavula majekete, ati aikankhe ilowe giya, ngati ndi minibasi yakufa batire. Dashibodi ikulira, a Z. thukuta kamukamu, phazi pa buleki, akuuza amalume mokweza kuti ndinagula galimoto yowola, iwo ananena kale. Ndinalengeza kuti aliyense wokhudza galimotoyi ndimuthira madzi a mpunga. Ndinatukwananso, pamaso pa akuchimuna, abusa ali pomwepo. Sindikupepesa.

Ndinalowetsa dzanja pawindo, kukoka handibuleki, kuzimitsa injini. Apo galasi lakumbuyo linatsika. T., velo itakwinyika, zodzola zitasungunuka ndi thukuta, amuna ake a Vincent atagwiritsa chitseko ndi manja awiri. Sanakuwe, anangofunsa motsitsa.

"Achemwali, munakaniranji? Ine ndinapempha inu. Amayi anati mwakana, akuti simungakhale dalaivala wa munthu."

Ndinayang'ana amayi. Anali pomwepo ndi yunifolomu yawo ya ukwati, akukonza duku loti linali bwinobwino.

"Kwa ine anati achimwene wawasankha ndiwe," ndinatero.

A Z. anayamba zonena za ulemu wa banja, T. n'kuwadula. "Achimwene, tsikani." Anatsika.

Ndinakhala pa mpando n'kuubwezera malo ake. Tinadikira kuti kilatchi izizire, mphindi khumi ndi zisanu, dzuwa likuswa mtengo. Azimayi anaimba nyimbo zonse za ukwati zimene amazidziwa mpaka kuyamba za kwaya. Amalume anabwera kawiri kudzandilozera wotchi. Kachiwiriko ndinawatuma akauze azimayi kuti akavinire pamwamba, mumsewu musatsale munthu. Anapita, sanatsutse. M'galimoto a Vincent anafunsa ngati iphulika. Ndinawauza kuti ayi, alamu, khalani bwino.

Kunena zoona ndimaopa. Sindimadziwa ngati ilola, ndipo ikanakana a Z. akanayenda nayo nkhaniyi mpaka kumanda. Ndinaliza injini, kukoka kakhutu, nambala 1 n'kuoneka. Inanjenjemera ponyamuka, ikunjenjemerabe mpaka lero, mawa ndiwaimbira a Aufi andiuze kuti yapsa mpaka pati. Koma inakwera, kamodzin'kamodzi, fumbi kumbuyo, maliboni akuuluka.

Amayi anali atatsogola ndi azimayi aja. Titaima pakhomo la holo anabwera kudzatsegulira mkwatibwi monga mwa pepala la amalume. Anakoka chitseko, osatseguka. T. anali atakhoma mkati. Anatsitsa galasi pang'ono.

"Amayi, dikirani. Atsegule achemwali."

Amayi anabwerera m'mbuyo. Sindinawayang'ane, mpaka pano sitinayankhulane, ndipo mkwiyo sunathe. Ndinazungulira galimoto ndi mapatapata anga, anthu onse akuona, wojambula akujambula. Nditatsegula ndinati ndipukute kaye manja pa chitenje, koma T. anali atandigwira kale. Gulovu yake yoyera inada mwaye chikhatho chonse. Analowa nayo choncho mu holo, a Vincent kumanja, ine kumanzere, osanditaya.