Pakamwa Popanda Chifuwa

Lolemba, 9 Juni

Achimwene atenga pawa ampu yawo. Angofika kugalaja komwe timayeserera, kuzula mawaya, kuikweza panjinga yamoto, basi. Ndawakuwira kawiri kuti chavuta n'chiyani, osacheuka n'komwe. Wang'oma ndi amene wandiuza kuti bandi aisiya. Chonsecho Loweruka lomweli tikuimba kuholo koyamba. Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kuchita zachibwana chonchi!

Ndatsala ndi puliampu yanga yokha. Iwo omwe ankati puliampu ndi pakamwa, pomwe gitala amatengera ukali, pawa ampu ndi chifuwa chokankhira mawuwo m'masipika. Ndiye andisiyira pakamwa popanda chifuwa. Nyimbo zathu zaukali za metolo ndikaimbe ndi mluzu?

Lachiwiri, 10 Juni

Wang'oma wabwereka ampu kwa mnzake woimba m'maukwati. Ndalumikiza. Phokoso lilipo, koma lopyapyala ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini. Ndatsitsa geni, ndakweza besi, ndapotokola mabatani onse. Ayi ndithu. Wang'oma akuti anthu sakazindikira. Ine ndikazindikira.

Ya achimwene ndi ya mavalavu, timababu tagalasi tam'kati. Ukaiyatsa chapansipansi ilibe nkhani. Imafuna uikweze mpaka mavalavu atenthe, malata anjenjemere, pamenepo mawu amanenepa, gitala n'kumakugunda pamtima. Zaka zonsezi ankaitchuna okha, khutu atagunditsa pasipika, ine ndikukhwatcha zingwe. Puliampu yanga sidziwa chifuwa china.

Lachitatu, 11 Juni

Achimwene foni sakuyankha. Zawo izo.

Lachinayi, 12 Juni

Ndinapita kwawo. Alamu anaima pakhomo ngati alonda: "Ampu siituluka muno, alamu." Chifukwa? "Kafunseni abale anu."

Abale angawo anali pabalaza pomwepo, atandifulatira, TV ili pamwambamwamba. Ndinapereka moni. Zii. Ndinabwerezanso. Zii. Ndinatuluka ndi mkwiyo. Amene anandigwiritsa gitala koyamba lero sangandiyankhe moni. Ngati ndinawalakwira anene, pakamwa ali napo.

Lachisanu, 13 Juni

Tayesa ampu ina, ya kwaya. Yoyera bwino, yaulemu, yopanda mano. Ndauza wang'oma kuti bola osaimba kusiyana n'kukachita manyazi. Wati ndine wouma mutu ngati achimwene. Mwina. Mtima ukuwawa, chakudya sichikulowa.

Loweruka, 14 Juni, masana

Ndikulemba ndili kuseri kwa holo.

Achimwene abwera. Tikuyala mawaya, ndangoona alowa atasenza ampu, alamu ali pambuyo nkhope ili gwaa. Osalankhula ndi munthu, achimwene alumikiza ku puliampu yanga, adikira mavalavu afiire, andikodola kuti ndimenye gitala.

Ndamenya. Mayo ine! Mawu athu aja, onenepa, aukali, mipando mpaka kunjenjemera. Ndinayang'ana achimwene kuti tiseke monga kale. Khutu sanaligunditse pasipika. Anaikapo chikhatho, maso ali pa zala zanga, n'kumapotokola batani pang'onopang'ono.

Alamu anandikokera pambali. "Khutu lawo lakumanzere linatheratu. Lakumanja adokotala akuti likutsatira. Anandiletsa kukuuzani. Ampuyi anaibisa kuti ingadyenso makutu anu, koma usiku sagona poganiza kuti mukachita manyazi."

Ndiye moni uja. Foni ija. Ndipo ine sabata yonse kumawatukwana mumtima.

Atamaliza kutchuna, achimwene anandifumbatitsa timapulagi tiwiri totsekera m'makutu. Analankhula mokuwa, osadziwa kuti akukuwa: "Uvale. Ukapanda kuvala ndiitenganso."

Ananyamuka kulowera kukhomo. Ndinati, "Zikomo achimwene." Anangopitirira.

Timapulagi tili m'thumba. Muholo muli zii, ampu ndazimitsa kalekale, koma m'khutu langa lakumanja muli kanthu kakulira kuti tsiii.