Timabowo pa Malaya a Alamu Anu

14 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tikupuma, kungoti nkhani imene ndili nayoyi sindifuna kuti muimvere kwa anthu apanjira.

Shopu ya alamu anu yowotcherera zitsulo ija yagwa. Khoti lagamula kuti alephera kubweza ngongole, ndipo pachitseko pali loko wachilendo. Katundu yense ali m'manja mwa bambo wina amene khotilo lamusankha kuti agulitse n'kugawira onse amene alamu anu anawakongola. Ana anawatcha a Magalasi, chifukwa amakuyang'ana pamwamba pa magalasi ngati wawabera nkhuku.

Ndinapita ndekha ku ofesi yawo kukafunsa za ndalama zija munatikongoza zogulira makina owotcherera. Anandikhazika pansi n'kundifotokozera ngati mwana. Oyamba kulandira ndi a banki, poti iwo anagwira chikole, galimoto ija. Kenako anyamata antchito, malipiro awo. Zotsala ndiye amagawana opanda chikole, monga inuyo. "Koma mayi," anatero, "achimwene anuwo akapanda kulemba kalata yoitanitsa ngongole yawo mwezi uno usanathe, sadzalandira ngakhale khobidi. Ndipo khoti likadzawamasula amuna anu ku ngongole, ngongole zakale zafa. Palibe adzawakakamize kubweza."

Nditafika kunyumba ndinawauza alamu anu. Anaseka. "Aa, alamu asavutike ndi mapepala. Zapachibale sizipita kukhoti. Ndikadzamasulidwa ndidzawabwezera ndekha, mwaulemu."

Achimwene, mtima wanga sunakhazikike. Munthu amene chuma chake chagwa sadya, sagona. Awa akudya mpaka kupempha zowonjezera, ndipo posamba akuimba mluzu. Makina anu aja, alamu anu anauza a Magalasi kuti anabedwa khoti litatsala pang'ono kugamula. Akuba ake aulemu bwanji, osathyola loko, osaswa zenera, n'kusiya wailesi pa shelefu. Sabata yomweyo mng'ono wa alamu anu, amene sadziwa ndi kugwira hamala komwe, anayamba kumanga mpanda wa malata kuseri kwa nyumba yake.

Tsono wochapa zovala ndine. Zaka zonsezi ndakhala ndikuona timabowo timene moto wothetheka powotcherera umasiya pa malaya. Shopu ndi yotseka, iwo amati amapita kofuna ntchito, koma malaya abuluu amene ndinawagulira shopu itatsekedwa kale ali ndi timabowo pamkono, ndipo akununkha utsi wa chitsulo. Ndinawaonetsa. Anati ndi ndudu ya mnzawo. Ndiye kuti mnzawoyo amazimitsira ndudu pa mikono ya anthu.

Sindinaone ndi maso, choncho sindikuti ndi akuba. Mwina ndi mantha. Mwina akufuna kuti ana asagone ndi njala, ndipo zimenezo zikundipweteka, chifukwa chakudya chimene amabweretsa nanenso ndimadya. Koma a Magalasi ananena mosapsatira kuti kubisa katundu kapena kumusamutsira kwa wachibale ndi mlandu, ndipo katunduyo amakamutenga ndithu. Ananena zimenezi akundiyang'ana. Ine ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Ndalama zija zinali za sukulu ya mwana wanu woyamba, ndipo amene anabwera kudzakugwadirani ndine. Munapereka chifukwa cha ine, osandisainitsa paliponse. Ngati risiti ya ku banki yotumizira ndalamazo mukadali nayo, isungeni bwino, akuti imakwanira ngati umboni. Koma ndikuuziretuni: mukalemba, a Magalasi adzakufunsani kuti ndalamazo zinagula chiyani, kenako adzayamba kusakasaka makinawo. Kumene kusakako kukathere ndikukuganizira, ndipo ndikuopa. Ndi bambo a ana anga.

Ana akuti moni kwa amalume awo. Wamng'ono uja dzino laguluka, akufunsa ngati latsopano lidzakhale litamera mukamadzabwera. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti manyazi ondilepheretsa kuwalembera ndi omwewa.

Alamu anu nawonso akuti moni wambiri. Akuti ndikuuzeni kuti musalembe chilichonse, zonse zili bwino, ndipo ndawayankha kuti ndalemba momwemo. Adzipereka kuti akaponye okha kalatayi mawa popita kofuna ntchito. Ndawathokoza kwambiri, koma ndikaponya ndekha lero.

Lembani, achimwene. Mwezi usathe.

Ine wanu,
Mlongo wanu wamng'ono