Wogona kuseri kwa chulu

Grupo: Mbumba ya agogo Dalila

Lolemba

Olívia 07:12
malume mwaona foto ija? mwala umenewo ndi wa agogo a agogo awo a amuna anga. anafika kuno ku nebraska pa ngolo ya ng'ombe mu 1871 nkuyamba kulima chimanga

Olívia 07:14
apongozi akudziwa zonse za iwo. akazi awo, ana awo, ngakhale dzina la bulu wawo kkk

Olívia 07:15
dzulo pa chakudya anandipatsa pepala kuti ndilembe mayina a makolo a mbali yathu, mwana akabadwa adzaipeze. ine ndathera pa agogo anu a Dalila. amayi awo anali ndani?

Malume Valentim 07:58
Mwana wanga thupi lili bwanji. Kuno ku Nkondezi mvula yachedwa.

Olívia 08:01
ndili bho. koma funso langa malume

Lachitatu

Olívia 08:40
malume?

Olívia 10:05
kuno snow yatseka msewu. amuna anga ali kuntchito mpaka loweruka. chidzukire ndalankhula ndi galu yekha

Délcia 10:31
mana, akulu anga, musawapanikize chonde. a empresa, kampani ya malasha ija, akubwera lachisanu kudzawerenga manda asanawasamutse. ndinali kumudzi dzulo, malume sakudya

Olívia 10:33
nde zikukhudzana bwanji ndi funso langa?

Délcia 10:34
akuuzeni okha. ine ndinamvera pamsika ku moatize, pakamwa pa munthu wonditukwana

Lachinayi

Malume Valentim 06:50
[mawu, 1:52]
Olívia, ndimvere bwino. Amayi awo a agogo Dalila sanabadwire pamudzi pathu. Anagulidwa ali kamtsikana, chaka cha njala, ndi mchere ndi nsalu ziwiri. Ena amati anachokera kutsidya kwa Zambezi, ena amati kumapiri a ku Zóbuè. Anabereka, anaumba mbiya mpaka manja kukana. Atamwalira sanawaike m'manda mwa eni mudzi ayi. Ali kunja, okha, kuseri kwa chulu chachikulu chija. Ndikakaloza pamenepo mawa, mudzi wonse ukumbukira kuti mbumba yathu ndi ya kapolo. Ndipo pogawa minda yatsopano kumene akutisamutsirako, oyamba kumvedwa ndi eni nthaka. Zinagona izi, mwana wanga.

Olívia 07:20
chulu chomwe tinkakumbapo ngumbi chija?

Malume Valentim 07:26
Chomwecho.

Olívia 07:27
nanga mukapanda kuloza?

Malume Valentim 07:41
Makina sadziwa manda.

Délcia 07:44
mana inu muli kutali. osekedwa pamjigo ndife. ana anga ali pa sukulu imodzi ndi ana a anthu omwewo

Olívia 07:52
ndikudziwa Délcia. sindikukakamiza munthu

Olívia 08:30
kungoti kukhala pakati pa eni ake ndikukudziwa. sandizunza, amandikonda ndithu. koma lamulungu ananditengera kumanda kwawo, aliyense ndi mwala wake, mzere wonse dzina limodzi. ndinangoima kumayang'ana poti ine angadzandiike

Olívia 08:33
ndasungulumwa malume. nanga iwo, kamtsikana, opanda ndi foni yomwe

Olívia 08:34
dzina lawo anali ndani?

Olívia 11:10
malume

Lachisanu

Olívia 06:15
[kuimba, sikunayankhidwe]

Olívia 06:48
[kuimba, sikunayankhidwe]

Malume Valentim 08:47
[foto: chikhomo chopaka penti yofiira, kuseri kwa chulu]

Malume Valentim 08:49
Ndinapita ndekha. Anthu anaima kumsewu kumandiyang'ana. Wina anaseka, ndinamumva.

Délcia watuluka mu grupo

Olívia 08:51
pepani malume. ndayambitsa ndine

Malume Valentim 08:55
Sunayambitse ndiwe. Mng'ono wako msiye, mtima ukaphwa abwera.

Malume Valentim 08:58
A empresa anandifunsa dzina. Palibe analisunga. Agogo Dalila ankangoti amayi. Ndinawauza kuti alembe Amayi Athu.

Olívia 09:06
ndalemba chomwecho pa pepala la kuno. pamwamba penipeni

Malume Valentim 09:20
Tsiku lowasamutsa ndidzakuimbira video, ngakhale kwanuko kukhale kusanache. Tidzakhalepo awiri. Agona okha mokwana.