Mkanda umodzi wawatsata bambo

Lolemba, 14 Okutobala
Mawa kadamsana. Ndabwera ndi magalasi apadera oonera dzuwa, anga ndi a bambo. Ana anga a Fomu 3 ndawabwerezera kasanu kuti mdima ukagwa avule, dzuwa likangosuzumira avalenso. Bambo aseka ali pa makina awo osokera: "Digiri yonse ija unkaphunzira kuopa dzuwa?"

Lachiwiri, 15 Okutobala
Tinaima pakhonde la shopu yawo. Kunazizira mwadzidzidzi, agalu anayamba kuuwa. Mdima utagwa ndinati, "Bambo, vulani tsopano." Anavula.

Kenako m'mphepete mwa mwezi munatuluka timadontho towala kwambiri, tondondozana ngati mikanda. Ndikudziwa kuti ndi kuwala kwa dzuwa kodutsa m'zigwa za kumwezi, ndipo tikaoneka ndiye kuti nthawi yovala yakwana. Ndaphunzitsa zimenezi zaka zinayi. Ndinavala anga msangamsanga n'kuyamba kujambula pafoni. Iwo sindinawauze kanthu.

Nditacheuka anali akuyang'anabe, magalasi ali m'manja, akuwerenga mikandayo mokweza: "Inayi... isanu..."

Lachitatu, 16 Okutobala
Bambo akuti ndi mutu chabe.

Lachinayi, 17 Okutobala
Ndawapeza akulimbana ndi singano. Anyowetsa ulusi ndi malovu, ayesa, waphonya. Munthu amene ankalowetsa ulusi uku akucheza. Diresi laukwati la mwana wa aneba likufunika Lamulungu m'mawa.

Akuti chilichonse chimene ayang'ana chili ndi kadontho pakati. "Mkanda umodzi wanditsata," akutero akuseka.

Achemwali aimba foni: "Iwe mphunzitsi wa sayansi unali pomwepo, zatheka bwanji?" Ndawayankha kuti bambo anavula okha. Bodza linatuluka mosavuta, mpaka ndadziopa.

Lachisanu, 18 Okutobala
Kuchipatala. Adokotala a maso akuti dzuwa lawatentha mkati, maso onse awiri. Mankhwala palibe. Mwina kadonthoko kachepa pakapita miyezi, mwina ayi.

Anafunsa ngati panalibe wowachenjeza. Bambo anati, "Mwana wangayu anandiuza. Ine ndine nkhutukumve." Ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Loweruka, 19 Okutobala
Ndinalawirira kushopu. Ndinawapeza atakhala kale, diresi lili pamiyendo, makina ali zii.

Ndinati, "Bambo, sindinakuuzeni kuti muvale. Ndinali pafoni."

"Ndikudziwa, mwanawe. Kodi sindinali pomwepo?"

Anandipatsa ulusi. Unalowa pasingano kachitatu. Iwo anapendeketsa mutu kuti aone nsalu ndi mbali ya diso, n'kuyamba kupalasa makina. Msoko unayenda bwino pang'ono, kenako unayamba kuchoka pamzere wa choko. Ndinauona. Ndinakumbukira Lachiwiri lija.

"Bambo, wakhota."

Phazi linaima. Anayendetsa chala pamsokopo. Kenako anafufuza sizasi patebulo n'kundipatsa kuti ndimasule msokowo.

"Wakhota kuyambira pati?" anandifunsa.