Chidindo pa Mapepala Osalembedwa

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo bondo lija lasiya kukuvutani. Ine ndilipo, kungoti adokotala andiwonjezera mankhwala a kuthamanga kwa magazi.

Kuntchito tili pakalikiliki wolemba anthu m'kaundula wa chisankho. Mbali yanga ndi kuunika makalata a mafumu ochitira umboni kuti munthu ndi wa m'mudzi mwawo. Lachiwiri ndinapeza makalata 43 a chidindo chanu. Ndinachizindikira msanga chifukwa cha ngodya yobenthuka ija. Mainawo ndinawawerenga katatu. Ine wobadwira m'mudzi momwemo, sindinadziwepo ngakhale mmodzi.

Nditaimbira alamu, anandiuza mosabisa kuti mumadindiratu mapepala osalembedwa kanthu n'kuwasiya pawindo, kuti anthu asamakudikireni mukapita kumunda. Akuti mwezi watha kunabwera anthu a bambo uja akufuna ukhansala n'kutenga mulu wonse. Alamu ankafotokoza akuseka, ati ankayesa kuti akukakulungira fodya.

Ndikudziwa munkachita izi pomvera anthu chisoni. Koma boma likaona chidindo cha mfumu silifunsanso, limangoti mfumu yamuona munthuyo ndi maso ake. Nkhaniyi ikatulukira kwina, inu ufumu akhoza kukulandani, ine adzati ndinabisa poti ndinu akulu anga.

Mnzanga wa tebulo loyandikana nane wayamba kale kundiwombera m'manja ndikamalowa, ati kulonjera a kubanja lachifumu. Iyeyo anandilangiza kuti ndingokwirira makalatawo pansi pa mafayilo akale. Ndinawakwiriradi masiku awiri, kenako ndinawafukula. Paja mlandu suwola.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani Lolemba m'mawa, chidindo chili m'thumba, mudzafotokoze nokha kwa abwana musanaitanidwe. Mukwere basi yoyamba, yachiwiri imachedwa. Ndidzakudikirani pageti. Kaya mubwera kaya simubwera, Lolemba masana ndikapereka makalatawo. Mawu amenewa ndinawalemba n'kufufuta kawiri, koma akhale choncho.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti sindinawakwiyire. Moni kwa azakhali ndi ana onse. Amayi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa.

Ndine mng'ono wanu,
lero, ndi Lolemba masana lomwe.