Nyanja imene Inonge anaphunzira

Lamulungu madzulo, ku Dambwa. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhale pansi. Inu amene mukundilembera, lembani momwe ndikuneneramu.

Mwa ana anga, Mubita amayendetsa sitima. Namakau ndi namwino. Inonge, mzime wanga, ali kugombe la Mozambique, kumene amayeza mphepo ndi mafunde a panyanja yamchere. Akuti mphepo siikuombanso ngati kale, mafunde akudya mtunda chaka ndi chaka, mpaka nyumba za asodzi zikugwera m'madzi.

Lero potuluka m'tchalitchi, Ba Mweemba, aneba anga, anaima pakati pa azimayi n'kunena kuti, "Mwana wao anayenda ku yunivesiti kuphunzira Nyanja. Nyanja yamene tikamba mahala, osalipira, mu minibasi!" Anthu anaseka. Ndinati mwana wanga anaphunzira za nyanja ya madzi, osati chilankhulo, koma iwo angamve chiyani? Akalambira pafupi ndi mathithi aakulu a kwathu kuno osakawaonako n'kamodzi komwe.

Sindinakangane nawo. Inonge abwera ndi zithunzi za mafundewo, ndipo Ba Mweemba ndidzawakhazika pampando wakutsogolo, magalasi ali kumaso. Banja lonse likumana pano pa 26 Disembala.